Anayamba ndi msana wa mbuzi: miyezi 7 ndi a fiziyo obwera pakhomo

M'kabuku ka chipatala ka mlongo wanga muli tsamba limene ndinaliwerenga kosawerengeka tisanatuluke m'wodi. Adokotala analembapo mizere itatu yokha, ndipo mawu amene ndinatha kuwatola anali akuti spinal cord injury, pambali pake T10, kenako incomplete. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, Chingelezi ndimachimva, choncho abale atandifunsa kuti alembapo chiyani ndinayankha mosajejema kuti, "Wavulala msana." Silinali bodza ayi. Koma yankho limeneli linatisocheretsa banja lonse kwa masabata 6, mpaka panabwera a fiziyo, achipatala othandiza odwala kudzera m'zolimbitsa thupi, amene ndikufuna kunena za ntchito yawo lero.

Mlongo wangayo ali ndi zaka 27 ndipo ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Galimoto inamugunda cham'mbuyo madzulo ena Lachisanu. Kuchipatala anamuchita opaleshoni n'kumuika zitsulo zogwira mafupa, ndipo ekisire yachiwiri inaonetsa mafupawo atabwerera pamzere bwinobwino. Amayi ataona chithunzicho anayamba kuwerenga masiku monga timachitira munthu akathyoka mkono: pulasitala akachotsa, munthu amayambanso kugwira khasu. Masabata aja anatha miyendo ili chigonere. Amalume anati mnyamatayu akungoopa kuponda. Ena anati pali dzanja la munthu, tipite naye akamuteme mphini. Mwini wakeyo anasiya kuyankha, ankangotembenuzira nkhope kukhoma.

Nambala ya a fiziyo anandipatsa ndi mayi wina amene tinali naye limodzi paugadiyani. Dzina lawo sinditchula. Ndi mayi wa zaka za m'ma 30, anaphunzira ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Masana amagwira ntchito kwina, madzulo ndi Loweruka ndi pamene amayendera odwala m'makomo. Ife tinkalipira K20,000 pa ulendo umodzi wa ola limodzi, kuwonjezerapo ya minibasi, kudzera pa Airtel Money. Miyezi itatu yoyamba ankabwera kawiri pa sabata, kenako kamodzi.

Tsiku loyamba ndinkayembekezera kuti afika n'kuyamba kupinda miyendo ya wodwala. Iwo anakhala pampando, napereka moni kwa aliyense, kenako anafunsa amayi kuti, "Amayi, kodi munauzidwa kuti chavulala n'chiyani?"

"Msana, mwanangu."

"Msana weniweniwo kapena chimene chili m'kati mwa msana?"

Tonse tinayang'anizana. Pamenepo anatulutsa ndalama m'kachikwama kawo, natuma mwana wanga kumsika kuti akagule nyama ya mbuzi, koma akanene kuti akufuna ya pamsana, yodula ndi fupa lake. Itabwera anaiika m'mbale, naitembenuza kuti tione pamene chikwanje chinadula. Pakati pa fupa panali kabowo, ndipo m'kabowomo munali kanthu koyera, kofewa ngati phala lolimba pang'ono. Anakakoka ndi kamtengo, kanatuluka kotalika ngati kachingwe. Amayi anati, "Aa, si kaja timayamwa tikamadya nyama?"

"Komweko amayi. Mafupa awa Azungu amati spine. Kachingwe aka ndiye spinal cord. Adokotala anakonza mafupa, ndipo anakonza bwino. Koma fupa litathyoka linatswanya aka. Uthenga wochoka kubongo kupita kumiyendo umadutsa umu, ndipo wochoka kumiyendo kubwerera kubongo umadutsanso momwemu."

Anakafinya pang'ono ndi zala, kanaphwanyika. Palibe amene analankhula. Mlongo wanga, amene anali atagona chafufumimba osafuna kuona mlendo, anapempha kuti mbaleyo ayiyandikize kwa iye.

Ndikaganiza za ndalama zonse zimene tawononga chichitikireni ngoziyi, ola limenelo ndi limene linatipindulira koposa. Anatifotokozera kuti mwa munthu wamkulu chingwechi n'chotalika masentimita pafupifupi 45, kunenepa kwake ngati chala chaching'ono cha kudzanja. Chimayambira pansi pa bongo, kudutsa m'kati mwa mafupa a khosi ndi a kumbuyo kwa chifuwa, n'kuthera pamwamba pa chiuno, osafika kumatako monga ine ndinkaganizira. Mafupa a msana alipo 33: a m'khosi 7, a pachifuwa pamene pamagwira nthiti 12, a m'chiuno 5, ndipo otsalawo ndi olumikizana kumunsi. Kuchokera m'chingwechi mumatuluka nthambi ziwiriziwiri, kumanja ndi kumanzere, magulu 31, ndipo gulu lililonse lili ndi dera lake la thupi limene limaliyang'anira. Zilembo zimene madokotala amalemba zikuchokera pamenepo: C ndi khosi, T ndi chifuwa, L ndi chiuno, S ndi kumunsi kwenikweni. Nambala ikusonyeza kuti ndi pachingati kuwerenga kuchokera kumwamba.

Kuti tione ndi maso kuti T10 ndi pati, anatenga phini ndi kathonje. Anamuuza mlongo wanga kuti atsinzine, nayamba kumukhudza kuyambira paphewa kutsika. "Achimwene, apa mukumva?" "Eya." Pamawere, pamene anati ndi T4, anamva bwino. Pansi pa nthiti anamva. Atafika pamchombo anamvabe. Atatsika pang'ono chabe, phini ija anaimva ngati chala chikumudina, osati ngati chobaya, ndipo pantchafu sanamve n'komwe. A fiziyo anajambula kamzere ndi cholembera pamimba pake, nati T10 ndi mchombo, malire athu ali apa. Anawonjezera kuti chingwe chikavulala m'khosi, manja nawonso amafooka, n'chifukwa chake pali mawu awiri, tetraplegia pamene manja ndi miyendo yomwe zakhudzidwa, ndi paraplegia pamene manja apulumuka. Chikavulala pamwamba kwambiri, cha pa C3 mpaka C5, ngakhale kupuma kumavuta, chifukwa uthenga wa kumnofu wopumira umatulukira pamenepo. Amayi atamva zimenezo anagwira manja a mwana wawo, onse awiri, kwa nthawi yaitali.

Mawu aja akuti incomplete ine ndinkawamva ngati akunena kuti opaleshoni sinathe. Tanthauzo lake n'lakuti uthenga wina ukudutsabe pamalo ovulalawo kufika kumunsi kwenikweni kwa thupi. Akalemba complete ndiye kuti kumunsiko sikukufika kanthu. A fiziyo anatichenjeza kuti tisatenge incomplete ngati lonjezo lakuti ayenda. Anati ndi khomo losatsekeka lonse, ndipo kusintha kwambiri kumaoneka m'miyezi 6 yoyamba, kenako kumayenda pang'onopang'ono.

Apa ndiime kaye pa nkhani ya mawu, chifukwa monga mphunzitsi yandisautsa. M'Chichewa tilibe liwu limodzi limene aliyense akalimva amaona kachingwe kaja. Ambiri amati mtsempha wa msana, ndipo inenso ndinayamba kunena choncho. Koma mtsempha kwathu kuno ndi zinthu zambiri: momwe anamwino amabaya pofuna magazi timati mtsempha, chokoka cha kuchidendene timati mtsempha, wonyamula uthenga timatinso mtsempha. Nditawauza azakhali kuti waphwanyika ndi mtsempha wa msana, anafunsa ngati kumuwonjezera magazi sikungathandize, ndipo funso lawo linali lanzeru malinga ndi zimene ndinawauza. Tikati msana, munthu amaona fupa. Tikati mtsempha, amaona magazi. Kunyumba kwathu tinangogwirizana kumati chingwe cha m'kati mwa msana, ndipo pano timangoti chingwe. Liwu la Chingelezi lakuti cord nalonso tanthauzo lake ndi chingwe, choncho sitinapite patali. Ndimaona kuti n'kwabwino wachipatala atchule spinal cord momwemo, kenako aonetse chinthucho, kusiyana n'kungoti msana pofuna kuti wodwala amve msanga. Amamvadi msanga, koma amamva zina.

Palinso liwu lakuti spinal palokha, limene amayi ambiri tinalimva kumatenite. Ine mwana wanga wachiwiri ndinabereka pa opaleshoni, ndipo anandibaya jakisoni wa pamsana, anamwino n'kumati spinal. Chiyambire pamenepo ndinkakhulupirira kuti singano ija inalowa m'chingwe chenichenicho, ndipo msana ukandipweteka ndinkaloza jakisoniyo. Nditawafunsa a fiziyo anabwerera ku mfundo ija yakuti chingwe chimathera pamwamba pa chiuno, cha pa L1 kapena L2. Kumunsi kwake kumatsala nthambi zokhazokha zolendewera m'madzi, zimene madokotala amazitcha cauda equina, kutanthauza mchira wa hatchi. Singano ya jakisoni uja, komanso ija yochotsera madzi a pamsana imene anthu ambiri amaiopa wodwala akamaganiziridwa matenda oumitsa khosi, amaibaya cha pa L3 ndi L4 kapena kutsika apo, kumunsi kwa pamene chingwe chathera. Ndinakumbukira mnansi wathu wina amene anakana kuti mwana wake amuchotse madziwo poopa kuti alumala. Ndikanadziwa izi nthawi imeneyo ndikanakhala naye pansi.

Ntchito yeniyeni ya tsiku ndi tsiku inali yosasangalatsa kuiona, ndipo a fiziyo sanaibise. Asanayambe zolimbitsa thupi ankayamba ndi kuona khungu: matako, m'mbali mwa chiuno, zidendene, timisomali. Pa ulendo wachiwiri anapeza chithuza chachikulu pakatumba ka mwendo wamanzere. Amayi anali atamuthowa ndi nsalu ya madzi otentha usiku, pofuna kudzutsa magazi, ndipo mwana wawo sanamve kuti akupsa. Amayi analira. A fiziyo sanawakalipire. Anawagwira dzanja nati, "Amayi, munachita chifukwa cha chikondi. Koma mlonda amene amakuwa kuti kwatentha ali kuseri kwa malire aja, mawu ake sakufika. Kuyambira lero mlonda ndinu. Madzi muziyamba mwayesa ndi chigongono chanu." Chilondacho chinatenga mwezi wathunthu kuti chipole.

Kuchokera pamenepo malamulo ena onse anayamba kumveka okha. Kumutembenuza maola awiri alionse, usiku womwe, n'chifukwa chakuti iwe ndi ine timatembenuka tokha m'tulo thupi likadandaula, pamene lake silidandaula, ndipo khungu lopanikizika pafupa limafa n'kusanduka chilonda chakuya. Akakhala pachikuku azidzikweza ndi manja kapena kuweramira kutsogolo pakapita mphindi 15 mpaka 30. Pilo pakati pa mawondo, wina pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Nsalu ya pabedi isakhale ndi makwinya kapena nyenyeswa za chakudya. Za chikhodzodzo ndi chimbudzi anakamba naye awiriwiri chitseko chili chotseka, ndipo ndinawalemekeza kwambiri pa chimenechi, chifukwa mnyamata wa zaka 27 sangamasuke kukamba zotere mlongo wake ndi mayi ake ali pomwepo. Ine anangondiuza zofunika kugula ndi zizindikiro zoti ndikaziona tithamangire kuchipatala: kutentha thupi, mkodzo wa mtambo kapena wonunkha, mwendo umodzi kutupa kuposa unzake. Za kapaipi ka mkodzo kotchedwa katheta anatitumiza kwa anamwino, nati imeneyo si ntchito yawo. Mankhwala sanatilembere ngakhale kamodzi, ndipo sanatigulitse kanthu kalikonse.

Tsiku lina mlongo wanga anawafunsa mwaukali kuti kutembenuka kumeneku kuli ndi phindu lanji ngati sikuyendetsa munthu. Anamuuza za dokotala wina, Ludwig Guttmann, amene anatsegula wodi ya ovulala chingwe cha msana pachipatala cha Stoke Mandeville ku England mu 1944. Nthawi imeneyo ovulala otere ambiri ankamwalira msanga, osati ndi kuvulalako, koma ndi zilonda ndi matenda a njira ya mkodzo. Iye anaumirira kuti odwala azitembenuzidwa usana ndi usiku, kenako anawayambitsa masewera. Mpikisano umene anachititsa mu 1948 ndi umene unakula n'kukhala masewera a dziko lonse a anthu aulumali otchedwa Paralympics, amene anachitika koyamba ku Rome mu 1960. Mlongo wanga sanayankhe, koma usiku umenewo alamu ya pafoni anatchera yekha.

Chimene sindidzaiwala chinachitika mwezi wachiwiri. M'mawa wina ndikumusambitsa, mwendo wake wamanja unadumpha wokha, bondo n'kupindika, phazi n'kumanjenjemera. Amayi anaimba nthungululu, anansi anathamangira, wina anayamba pemphero lothokoza. Ndinawaimbira a fiziyo ndikulira ndi chimwemwe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa mofatsa kuti, "Achemwali, mwendowo anausuntha iye atafuna, kapena unasuntha wokha?" Madzulo ake anabwera ngakhale silinali tsiku lawo, ndipo sanalandire ndalama. Anatifotokozera kuti chingwe cha kumunsi kwa pamene panavulala chikadali chamoyo, ndipo chimatha kuyankha chokha khungu likakhudzidwa kapena mnofu ukakokedwa, popanda bongo kulamula. Kudumpha kotero sikusonyeza kuti uthenga wochoka kumutu wadutsa. Anatinso kukachuluka mwadzidzidzi tizifufuza, chifukwa nthawi zina ndi thupi likunena kuti pali chilonda, chikhodzodzo chadzaza kapena mwalowa matenda.

Zinatipweteka. Amalume ananena kuti mayiyu ndi wopanda chikhulupiriro. Ine ndinaona mosiyana, ndipo ndikuonabe choncho. Munthu wofuna ndalama zathu akanavina nafe tsiku limenelo n'kutiuza kuti tiwonjezere maulendo. Ndipo chifukwa chakuti anatiuza zoona tsiku lija, tinawakhulupirira patapita masabata asanu pamene anagwada kumapazi kwa bedi, nagwira chidendene chamanja, nati, "Achimwene, kwezani chala chachikulu." Tinadikira. Chala chinagwedezeka pang'ono, ngati tsamba likagwidwa ndi kamphepo. "Tsitsani. Kwezaninso." Chinakweranso. Anabwereza kasanu, kenako anatiyang'ana nati, "Uku ndiye kwa iye mwini."

Zodandaula zilipo, ndipo wofuna ntchito yotere azidziwiretu. Nthawi sasunga bwino. Akati 4 koloko, kawirikawiri amafika cha m'ma 5, ndipo m'nyengo ya mvula maulendo atatu analephereka, kawiri anatiuza mochedwa wodwala atasamba kale n'kumadikira. Kwa munthu amene tsiku lake lonse lazungulira pa ola limodzi limenelo, kudikira pachabe kumamugwetsa mphwayi kwambiri. Akadwala kapena akachoka palibe wina wolowa m'malo mwawo. Malisiti ndinachita kupempha, ndipo anayamba kulemba mwezi wachitatu. Chimene chinandidabwitsa koposa n'chakuti mapepala a zolimbitsa thupi amene anatisiyira anali a Chingelezi, zithunzi zake zofiira ndi kukopedwa kambirimbiri. Munthu amene amafotokoza bwino chotere pakamwa sanayenere kuwasiyira amayi pepala limene sangawerenge, pamene amayiwo ndi amene amakhala ndi wodwala ine ndikapita kusukulu. Ndinawauza, anavomera, ndipo tinathetsa vutoli pojambula mavidiyo aafupi pafoni iwo akuchita n'kumafotokoza m'Chichewa. Mavidiyowo ndi amene amayi amatsatira mpaka lero.

Mtengo nawo ndi wolemera. Malipiro a mphunzitsi sangakwanitse maulendo 8 pamwezi, ndipo ife tinatha chifukwa tinagulitsa zotsala za njinga ija ndiponso msuweni wathu wa ku Johannesburg ankatumiza kangachepe. Komanso pakhomo palibe zipangizo. Zitsulo zogwira poimirira tinapangitsa kwa wowotcherera wa pamsika potsatira muyeso umene anatipatsa, zolemera zonyamula ndi mabotolo a mchenga. A fiziyo eni ake ananena kuti amene angapeze malo ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, komwe odwala amagonera konko n'kumaphunzira tsiku lililonse, asazengereze, chifukwa ola limodzi kawiri pa sabata silingafanane ndi zimenezo. Ndinakonda kuti sanadzione ngati iwo okha ndiwo yankho.

Mawu awiri amene anandipempha kuti ndiziuza anthu ndiwaika pano. Munthu akagwa panjinga kapena mumtengo n'kumadandaula khosi kapena msana, kapena akuti miyendo sakuimva, musamukhazike tsonga, musamunyamule wina kumanja wina kumiyendo. Mugonekeni pachinthu cholimba ngati chitseko, mutu, khosi ndi thupi zikhale pamzere umodzi, wina atagwira mutu kuti usagwedezeke. Chachiwiri, chingwechi sichivulala ndi ngozi zokha. TB imatha kugwira mafupa a msana n'kuyamba kuchipanikiza pang'onopang'ono, choncho msana wopweteka kwa nthawi yaitali pamodzi ndi kuwonda, kutuluka thukuta usiku kapena miyendo kuyamba dzanzi si wongogulira mankhwala opha ululu pagolosale.

Pano tili m'mwezi wa 7. Mlongo wanga amachoka yekha pabedi kupita pachikuku pogwiritsa ntchito kathabwa kosalala, amavala yekha, amaimirira pazitsulo zija mphindi 10 mawondo atamangidwa. Mwendo wamanja umakweza phazi ndipo bondo layamba kumvera, wamanzere ukadali m'mbuyo. Chilonda cha pogona alibe ngakhale chimodzi, ndipo a fiziyo amati pa zonse chimene amanyadira ndi chimenechi. Tagwirizana kuti azibwera kawiri pamwezi, ndipo ndipitiriza kulipira.

Sabata yatha kunabwera anzake awiri a pasiteji ya kabaza kudzamuona. Mmodzi anafunsa funso lomwe lija, kuti ngati mafupa analumikizana bwanji sakuyenda. Ndinali kukhitchini, ndinamva mlongo wanga akuitana mwana wanga. Anamupatsa ndalama namutuma kumsika, nati akanene kuti akufuna ya pamsana, yodula ndi fupa lake.